Piritsi la m'mawa ndi piritsi la madzulo

Lolemba

Andigoneka lero masana. Wodi ya amuna, bedi loyandikana ndi khomo la kuchimbudzi, moti aliyense wopita kumeneko amandisiyira fungo lake. Anamwino akuti ndizilemba ndikasanza kuti adokotala adzaone. Kuwerenga masanzi ndatopa nako, ndiye ndizilemba zina.

Ntchito yanga inali yopenta nyumba. Makwerero ndinawasiya chaka chatha mtima utayamba misala yake. Umagunda ngati chidakwa chikugogoda pachitseko: du du, zii, kenako dududu. Ku kiliniki anandiuza kuti zipinda zam'mwamba za mtima zimangonjenjemera m'malo mopopa magazi. Anandipatsa kapiritsi koyera kotchedwa digokisini, kamodzi patsiku, kuti mtima usamathamange, ndiponso mapiritsi okodzetsa chifukwa miyendo imatupa. Ndinapeza bwino ndithu. Koma mwezi uno chakudya chilichonse chikundinyansa. Ngakhale madzi akumveka chitsulo mkamwa.

Dokotala wachinyamata amene wandilandira akuti mwina ndi m'mimba chabe. Andiika dilipi ndipo atenga magazi. Mankhwala a mtima akuti ndipitirize monga mwa masiku onse.

Chipatala chino ndi chauve. Makoma onse ndi achikasu ngati mkodzo wam'mawa. Amene anapenta muno akanakhala wantchito wanga ndikanamulanda burashi.

Lachiwiri

Chimwalirireni mkazi wanga ndimakhala ndi mwana wanga wamwamuna, makaniko, ndi mkazi wake. Mpongozi wangayo amaphunzitsa ku sukulu ya mkaka. Amachoka m'mamawa, choncho mankhwala amandipatsa madzulo akaweruka. Mwana wanga wamkazi, mlongo wake wamkulu wa makanikoyo, ali ndi nyumba yake, koma amadzera kwathu m'mawa uliwonse popita kuntchito. Timamutcha Manijala kuyambira ali wamng'ono chifukwa cha kulamula. Iye ndi mlamu wake sayankhulana. Zinayambira pa makina osokera a malemu mkazi wanga, ndipo zafika poti akakumana pakhomo moni amapatsirana kudzera mwa ine.

Manijala wabwera m'mawa ndi mpunga wa nkhuku. Nditangovundukula bakuli nseru inandigwira. Mafuta ake amaoneka ngati mafinya.

"Bambo, idyani. Kapena mukudikira za apongozi anu?"

Kenako anafunsa ngati anamwino andipatsa piritsi la mtima. Ndinati ayi. Anatsonya, n'kutulutsa m'chikwama kabokosi kofiira ka mapiritsi olimbitsa mtima amene wakhala akundimwetsa m'mawa kwa masabata angapo tsopano. Ndinameza kuti andileke.

Madzulo mpongozi wabwera ndi phala ndi nthochi. Nazonso zandikanika. Anangonyamula beseni langa la masanzi kukatsuka. Atachoka, anamwino anandipatsa digokisini wa m'kathumba kamene iye anabweretsa kuchokera kunyumba.

Pa bedi lakumanzere pali bambo wina wonenepa, butchala. Matenda ake ndi ofanana ndi anga, koma wake mtima umangothamanga osapuma. Akumupatsa mankhwala a mtima otchedwa amiyodaroni pa dilipi, ndipo mkono watupa, wafiira motsatira mtsempha. Amatsokomola n'kulavulira m'chitini chimene amachiika pakati pa mabedi athu. Chosavundikira.

"A Penta, mpungawo muutaya?"

Adya zonse, mpunga ndi phala lomwe, n'kunyambita zala zomwe zija amagwirira chitini. Alibe wowayendera. Ndatembenukira kukhoma.

Lachitatu

Manijala sanabwere, ali ndi msonkhano kuntchito.

Kwabwera dokotala wamkulu wa mtima, mayi wamfupi wamagalasi, ndi gulu lake. Anayang'ana pepala la makina ojambula kagundidwe ka mtima nthawi yaitali. Mtima unali pa 44 pa mphindi. Anandifunsa ngati ndili ndi dandaulo lina. Ndinati dandaulo langa ndi uve: makoma achikasu, nsalu zapabedi zachikasu, ngakhale nyali zili ndi mkombero wachikasu ngati wina wazipaka dzira.

Anavula magalasi.

"Bambo, malaya angawa ndi amtundu wanji?"

"Achikasu. Mundikhululukire adokotala, koma akufunika kuchapa."

A Butchala anaseka mpaka kutsamwa. Adokotala sanaseke. Anati malayawo ndi oyera, makomanso ndi oyera, anapentedwa posachedwa. Ine munthu wosakaniza penti moyo wanga wonse, lero kuuzidwa kuti choyera sindikuchidziwa. Manyazi ake!

Zimene afotokoza ndilembe bwino. Digokisini akachuluka m'magazi amabweretsa nseru ndi kusanza, maso amaona chikasu, mtima umachedwa n'kumadumpha. Mapiritsi okodzetsa nawo amataya mchere wina wam'thupi wotchedwa potaziyamu, ndipo umenewo ukachepa digokisini amaluma koposa. Magazi a Lolemba aonetsa kuti potaziyamu watsika ndipo impso zatopa chifukwa cha kusanza. Alamula kuti digokisini asiyidwe, okodzetsa aime kaye, potaziyamu alowe pa dilipi pang'onopang'ono, ndimatidwe mawaya pachifuwa, ndipo atenge magazi ena okayeza kuchuluka kwa mankhwalawo.

"Koma piritsi limodzi patsiku silikanakufikitsani apa," anatero. "Mukumwanso chiyani?"

Ndinatchula olimbitsa mtima a Manijala.

"Aliyense amene amakupatsani mankhwala abwere mawa ndi zonse zimene ali nazo. Ndipo musameze kanthu kosachokera m'manja mwa namwino."

Potaziyamu akuwotcha mtsempha ngati tsabola.

Lachinayi

Abwera onse atatu. Adokotala anayala zinthu pabedi panga, kathumba ka mpongozi uku, kabokosi kofiira ka Manijala uku. Anatembenuza kabokosiko n'kuloza timalemba tapansi pa dzina lalikulu. Digokisini. Mankhwala amodzi omwewo atavala zovala ziwiri. Ndakhala ndikumwa kawiri patsiku.

Manijala sanadabwe, ndipo chimenecho ndicho chandinyansa. Ankadziwa kuti ndi digokisini. Akuti tsiku lina anandifunsa m'mawa ngati ndamwa piritsi la mtima, ine ndinati ayi, ndiye iye anangogamula kuti mlamu wake sakundimwetsa. Anatenga pepala la ku kiliniki m'kabati n'kukagula ake ku famase. Ine anandinamiza kuti ndi olimbitsa mtima kuti ndisakaulule.

"Bwanji simunandifunse, alamu?" anatero mpongozi, mawu ali pansi.

"Ndikufunseni inu? Mankhwala am'mawa mumaperekeranji madzulo mwakabisira?"

Adokotala anati m'mawa kapena madzulo zilibe kanthu bola ikhale nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo ku kiliniki anavomereza zimenezo. Manijala sanamve n'komwe. Anakweza mawu wodi yonse ikumva.

"Munthu akusanza mwezi wathunthu m'nyumba mwanu, inu mukungoyang'ana! Mumadikira chiyani? Nyumba? Mukanangonena kuti bambo akuchedwa kufa!"

Chonsecho ndi mpongoziyo amene anandikakamiza kubwera kuno ine ndikukana.

Mpongozi anayang'ana mwamuna wake. Makaniko maso anali pa nsapato zake. Kenako mpongozi anayang'ana ine. Ine nseru inali itafika pakhosi, ndinakoka beseni. Pamene ndimadzutsa mutu n'kuti atapita. Bakuli lake analisiya pakabati.

Adokotala anawatulutsa awiri otsalawo ngati ana asukulu. Kenako anandiuza zotsatira: digokisini m'magazi wapitirira kutali muyezo wake. Thupi limuchotsa lokha, koma mochedwa poti impso zatopa. Masiku akubwerawa ndi oti ndisamale.

A Butchala anadikira kuti kukhale bata.

"A Penta, bakulilo ndingaone?"

Manijala ndi makaniko, anthu awa ndinabereka ine.

Lachisanu

Dzanja likukana. Mawa.

Loweruka

Dzulo masana ndinatsala pang'ono kupita. Chifukwa cha mawayawa sandilola kupita kuchimbudzi. Amandibweretsera chibeseni chachitsulo chozizira, n'kukoka katani amene safika n'kumapeto komwe. Ndili pamenepo ndikudzikakamiza, ndinamva thukuta lozizira, makutu anatseka, kenako mdima bii.

Akuti makina analira, koma anamwino anali mbali ina ndi wodwala wina. A Butchala ndi amene anadzuka ndi dilipi yawo yomwe, kukankha katani, n'kumamenya chitini chawo chija pachitsulo cha bedi uku akukuwa mpaka anthu anathamanga. Zam'chitinimo zinamwazikira pabulangete langa. Anandibaya jakisoni wa atiropini wofulumizitsa mtima, umene unali utatsika kufika pa 30. Ndinatsitsimuka nditadziipitsira, gulu litandizungulira, wina akundipukuta ngati khanda.

"A Penta, mumafuna kuthawa osatsazika?" anatero a Butchala anthu atabalalika. "Ndiye ine ndizidya kuti?"

Ndawathokoza. Ndawapemphanso kuti chitinicho achipezere chivundikiro. Akuti aganizira.

Adokotala akuti zikachitikanso andilowetsa kawaya kothandiza mtima kugunda mpaka mankhwalawo atachoka. Lero uli pa 50. Potaziyamu wakwerako. Ndasanza pang'ono chabe.

Lamlungu

Makaniko wabwera yekha ndi buledi wa m'sitolo, malaya osasita. Wakhala m'mphepete mwa bedi n'kumatembenuza makiyi m'manja. Ndinachita kumufunsa.

"Akazi ako ali kuti?"

"Anapita kwawo, bambo. Lachinayi lomwe lija. Foni sakuyankha."

"Unamutsatira?"

"Ndimati mtima wake uyambe wazizira."

Kenako anatulutsa zimene zimamuvuta. Akuti kabokosi kofiira ankakadziwa. M'mawa wina anaona achemwali ake akundimwetsa, madzulo ake anaonanso mkazi wake akundimwetsa, ndipo anadzifunsa ngati si zofanana. Koma kufunsa mkazi wake kukanaulula za achemwali, kufunsa achemwali kukanabutsa phokoso. Ndiye anangokhala chete.

"Galimoto ya munthu ukaona anthu awiri akuthiramo oilo aliyense payekha, umakhala chete?"

"Ayi, bambo."

"Koma za ine unakhala chete."

Analira. Mwamuna wandevu, zikhadabo zakuda ndi girizi, kulira mamina ali chuchuchu pa nsalu yanga yapabedi. Chisoni sichinandigwire. Ndinamuuza kuti apite akasambe.

A Butchala akudandaula kuti phala lasowa. Akuti mpunga wa Manijala umachuluka mchere, koma phala la mtsikana uja linali la munthu wodziwa kuti wodwala ali ndi pakhosi. Palibe anawafunsa.

Lolemba

Amiyodaroni walephera kukhazika mtima wa a Butchala, ndiye lero anawatenga kuti akawagoneke tulo ndi jakisoni n'kuwomba mtimawo ndi magetsi kuti uyambirenso bwino. M'mawa wonse sanatsokomole n'komwe. Anangokhala duu, akuyang'ana kudenga. Anamwino atafunsa woti amuimbire foni, anati palibe. Mkazi anachoka kalekale, ana ali kutali ndipo sadziwa kuti bambo awo ali muno.

Akuwakankha pa bedi la matayala, anavula mano awo oikirira n'kuwaponya m'kapu yanga yomwera madzi.

"Mundisungire, a Penta. Ndikapanda kubwera akhale anu."

Ndakhala m'mawa wonse ndi mano a munthu pakabati, tinyama ta dzulo tili m'mipata. Ndinawaphimba ndi pepala. Komabe aliyense akatsegula chitseko ndimadzutsa mutu.

Abwera masana, pachifuwa pali zipsera ziwiri zofiira, akuyankhula zosamveka. Makina awo tsopano akulira mwadongosolo ngati wotchi. Akuti azimwabe amiyodaroni wa mapiritsi, azipewa dzuwa lambiri chifukwa khungu limapsa msanga, ndipo aziyezetsa mapapo ndi chithokomiro. Mawu awo oyamba omveka anali ofunsa mano.

Ndapempha kapu ina. Madzulo ndamwa tiyi ndi kachidutswa ka buledi, ndipo zakhala m'mimba. Chikasu chija chatsala pa nyali pokha.

Lachiwiri

Achotsa mawaya. Pamene panali zomatira pasiya mabala oyabwa, tsitsi lapachifuwa lazuka. Ndapita ndekha kuchimbudzi, ndipo ndaona kuti kumeneko maso anga sananame.

Digokisini watsika, impso zabwerera. Adokotala akuti mankhwala amenewo sindidzamwanso. M'malo mwake andiyambitsa bisopulolo, theka la piritsi m'mawa, woletsa mtima kuthamanga. Madzulo wafarini, woletsa magazi kuundana, chifukwa mtima wonjenjemera umatha kupanga chibuluma cha magazi chimene chikathawira kumutu munthu amafa ziwalo. Wafariniyu amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Ndikaona nkhama zikutuluka magazi kapena chimbudzi chakuda ndithamangire kuno. Mankhwala ena alionse, ngakhale a mutu, ndiyambe ndafunsa. Okodzetsa abwerera, koma ochepa.

Ndinafunsa ngati mtima wanga ungawombedwe ngati wa a Butchala. Anati wanga wakhalitsa chonchi ndipo wakula, sungamvere. Uzigunda mosokonekera mpaka kalekale, chofunika n'choti usamathamange. Ndiye chidakwa chija ndikhala nacho.

Lachitatu

A Butchala atuluka. Anandigwira chanza nthawi yaitali ndi dzanja lonyowa. Akuti ndikadzafika ku butchala kwawo adzandipatsa chiwindi. Chitini anachisiya pansi pa bedi, wokolopa wachinyamula atatembenuza nkhope. Pabedipo agoneka wina amene sayankhula. Wodi yazizira.

Manijala wabwera madzulo. Chichitikireni za Lachinayi amangotumiza chakudya, lero ndiye waonekera. Sanakhale pansi.

"Bambo, mukatuluka mukakhala kwanga. Chipinda ndakonza kale."

"Ayi."

"Kuja kulibe wokusamalani."

"Wondisamala unamuthamangitsa ndiwe."

Anakhala pansi. Anayamba kufotokoza kuti iye amangofuna zabwino, kuti pepala la ku kiliniki linali losamveka, kuti a ku famase akanayenera kumufunsa. Ndinamuleka mpaka mawu anamuthera. Pomaliza anati, motsitsa, "Ndimaopa kuti mufa ngati amayi, anthu akungoyang'ana."

"Ndinatsala pang'ono kufa anthu akundisamala," ndinatero.

Ndamuuza kuti mawa abwere ndi galimoto yake, atenge ine ndi mchimwene wake, ndipo tisanapite kunyumba tikadzere kwa makolo a mlamu wake. Anati ali ndi ntchito. Ndinati ndiye ndikwera basi ndi theka langa la piritsi, ndikagwa panjira adzamva. Wati abwera.

Lachinayi

Ndikulemba ndili kunyumba, pampando wanga.

A ku famase ya chipatala anandifotokozera mapiritsi amodziamodzi, n'kundiuza kuti ndibwereze. Anafunsa amene azindipatsa kunyumba. Manijala anatsegula pakamwa. Ndinati ndizimwa ndekha, ndipo kathumba ka mapiritsiwo ndinakaika m'thumba la malaya anga.

Kwa makolo a mpongozi anatilandirira pakhonde. Amayi ake anatipatsa mipando koma madzi sanatipatse. Patapita nthawi mpongozi anatuluka, atawonda. Anandifunsa mmene ndikupezera, ngati ndikudya. Enawo sanawayang'ane.

Ndinamugunda Manijala ndi chigongono.

"Alamu," anatero, maso ali kumsewu, "ngati mawu anga anakukhudzani, pepani."

Nseru ya mwezi wathunthu inali yabwino kuposa kupepesa kumeneko.

"Sanandikhudze, alamu," anayankha mpongozi. "Munanditcha wakupha pamaso pa odwala." Kenako anatembenukira kwa mwamuna wake. "Ndipo inu munali pomwepo."

Makaniko maso anabwereranso pa nsapato zake.

Ndinamuuza mpongozi kuti sindinabwere kudzamutenga kuti azikatsuka mabeseni anga kapena kundimwetsa mankhwala. Ndabwera chifukwa nyumba ija ndi yake, ndipo palibe wina pakati pathu amene anachita zoyenera koma iye yekha. Anapukuta m'maso ndi chala.

"Ndamva, bambo. Koma lero ayi."

Sindinamukakamize. Tikunyamuka, makaniko anayamba kutitsatira ku galimoto.

"Iwe tsala," ndinatero. "Pakamwa pako patsegukire konkuno. Akakuthamangitsa ukhale pageti."

Ndiye tabwera awiri, ine ndi Manijala. Titangotsegula chitseko fungo linatilandira. Makaniko sabata yonseyi amangodya n'kuunjika. Mbale zadzaza m'sinki mpaka pansi, ntchentche zili ng'waa, ovolosi ya girizi yanyikidwa m'beseni lotsukira ndiwo. Pa chitofu pali poto amene mpongozi anaphika tsiku lija asanabwere kuchipatala.

Manijala anandikhazika pampando, anavula jekete yake yakuntchito n'kupinda manja a bulauzi. Anavundukula potoyo. Ndinangomva chivundikiro chikugwa, iye ali pa liwiro kupita panja. Anasanza m'maluwa nthawi yaitali. Sindinamufunse kuti zikumveka bwanji.

Atabwerera anamanga mpango pamphuno n'kuyamba kufunafuna sopo. Anatsegula kabati iliyonse, madirowa onse, mpaka kuseri kwa firiji. Khitchini imene wakhala akuinyoza chaka chonse, sadziwa ngakhale pokhala chitsulo chokwechera mapoto. Anandifunsa ine. Ndinati sindikudziwa, ndipo ndi zoona.

Anaima pakati pa khitchini foni ili m'manja, ntchentche zikumuzungulira. Anaiika m'thumba. Anaitulutsanso.

"Alamu? Ndi ine. Musadule." Anatsitsa mpango uja pakamwa. "Sopo wa mbale mumasunga pati? Pansi pa sinki mulibe, ndayang'ana. Kumwamba? M'chitini cha shuga? Sopo m'chitini cha shuga, alamu?"

Anamvetsera kanthawi. Kenako anati, "Ayi, ali bwino, akhala pampando. Alamu, dikirani kaye, musadule." Anakankha chitseko cha kukhitchini ndi phazi.

Ndamwa wafarini wanga. Mawu akumvekabe kuseri kwa chitseko, otsika, nthawi zina amaima. Madzi sanayambe kutsika pa mpopi mpaka pano, ndipo mbale zikununkhabe.